Ulaliki Wopanda Mau

Munthu wakunja sawerenga Katekisimu, ndiponso sabwera ku Misa. Buku limene iye amawerenga tsiku ndi tsiku ndilo makhalidwe a Mkristu wokhala naye pafupi.

Monica Woyera, wa ku Tagaste, m'dziko limene lero licedwa Algeria, anakwatiwa ndi Patricius, mwamuna wakunja, wa mtima wapacala ndi wosakhulupirika pa ukwati. Mwana wao, Augustine Woyera, ndiye analemba za makhalidwe a mai ace pa banjapo. Mwamuna akapsa mtima, Monica sanali kubweza mau. Anali kudikira kuti mkwiyo uphwe, ndipo pamenepo anali kufotokoza mlandu wace mofatsa. Apongozi ace akazi, amene adzakazi anawadyetsa mabodza, iye anawagonjetsa ndi ulemu. Akamva akazi awiri odana alikunenana, sanali kutenga mau a uyu kukatula kwa uyo, koma okhawo otha kuwayanjanitsa. Patricius anapenya zonsezi zaka zambiri, ndipo asanamwalire, ca m'ma 371, analandira Ubatizo.

Momwemonso lero, akunja sayesa Eklezia m'calici ai, koma pa citsime, pa mtondo, pa msika ndi pa maliro. Mkristu wobweza ngongole pa nthawi yace, wosacepetsa muyeso pogulitsa, wolimira mkazi wamasiye, ameneyo alalika. Koma wovala korona m'khosi, pakamwa pali mijedo, atsekera mnzace khomo la Ubatizo, ndipo adzayankha mlandu umenewo pamaso pa Mulungu.

Akatekisti afunse Akristu ao Lamulungu lirinkudza: kodi wakunja wa pamudzi pao wawerenganji mwa iwo sabata ino?