PHUNZIRO LA CINGEREZI: MAU AATALI AKUTHA NDI "-TION"

Ana a sukulu a ku Njakwa, ndi akulu omwe akukhala m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, ambiri amaopa mau aatali a Cingerezi. Akawaona m'buku kapena pa kalata ya Boma, angowalumpha osawerenga. Ndipo nthawi zambiri mau olumphidwawo ndiwo asenza mlandu wonse wa kalatayo. Koma mau aatali akunga mtolo wa nkhuni: ukamasula luzi, upeza nkhuni zomwe uzidziwa kale. Mwezi uno tiphunzire banja limodzi la mau otere, ndiwo akutha ndi zilembo zinai izi: t, i, o, n.

1. Kachulidwe kace. Zilembo izi sizimveka monga zilembedwa. Angerezi azichula pafupi ndi "shoni". Ife tomwe tinatola kale mau amodzi a banja ili, pakuti "siteshoni" yathu ndiyo station yao. Ndipo liu likwezedwa pa cigawo cakutsogolera zilembozo, monga edu-CA-tion, exami-NA-tion. Lamulo ili lidzakuthandizani ngakhale pa mau amene simunawamve ndi kale lonse.

2. Nchito yace. Mathero awa anacokera ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale. Nchito yao ndiyo kusandutsa mau akunena kucita akhale dzina la cocitikaco. Ife ticita comweco ndi "ci-" kutsogolo ndi "-o" kumapeto: kuphunzitsa, ciphunzitso, kuweruza, ciweruzo. M'Citumbuka momwemonso: kusambizga, cisambizgo. Cotero educate ndiko kuphunzitsa, education ndiwo maphunziro. Examine ndiko kuyesa, examination ndiwo mayeso. Translate ndiko kumasulira, translation ndiwo mamasulidwe. Tsono mukakomana ndi mau otere, bisani mathero ndi cala, nimufunse: Kodi otsalawa anena kucita ciani? Koma cenjerani, pakuti alipo ena osamasuka cotero, monga nation, ndiwo mtundu wa anthu. Amenewo angoyenera kuwaloweza.

3. Mau a m'mbiri yathu. Institution acokera kwa institute, kukhazikitsa. Pa caka ca 1894 Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu yaikuru pa Khondowe, imene inachedwa Overtoun Institution. Kumeneko anyamata anaphunzira uphunzitsi, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi nchito zina.

Association acokera kwa associate, kugwirizana. Ndilo bungwe la anthu ogwirizana mwa kufuna kwao. Pa caka ca 1912 kunabadwa North Nyasa Native Association, bungwe loyamba la mtundu wotere m'dziko lino, ndipo Levi Mumba anali mmodzi wa atsogoleri ace. Iye yemweyo anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress pa caka ca 1944.

Amalgamation ndi federation afanana mathero, koma asiyana tanthauzo. Oyambawo ndiko kusanganiza maiko akhale dziko limodzi ndi Boma limodzi. Nkhani imeneyi anadzaifunsa Lord Bledisloe ndi anzace pa caka ca 1938, ndipo anthu a Nyasaland anaikana. Aciwiriwo ndiko kumanga maiko pamodzi, liri lonse ndi Boma lace, koma pamwamba pao pali Boma lina lalikuru. Ici ndico Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba pa caka ca 1953, nicitha pa 31 December 1963. Makolo athu anayenera kuzindikira mau awiriwa bwino, pakuti m'kati mwao munali nkhani ya nthaka yao ndi ufulu wao.

Constitution acokera kwa constitute, kuimika. Ndilo lamulo lalikuru limene malamulo onse ena aimapo. Limene Malawi ali nalo tsopano linayamba kugwira nchito pa caka ca 1994.

4. Msampha wa zilembo zoyamba. Taonani mau awa: congregation ndi segregation. Zilembo zisanu ndi zinai zakumapeto ndi zimodzimodzi, ndipo onse awiri aphuka pa muzu umodzi wa Cilatini, grex, ndilo gulu la zoweta. Koma "con-" ndiko pamodzi, ndi "se-" ndiko padera. Cotero oyambawo ndiwo mpingo wosonkhana, aciwiriwo ndilo tsankho lakupatula anthu, limene amuna athu opita ku migodi ya Johannesburg analiona ndi maso ao. Momwemonso emigration ndiko kuturuka m'dziko lako kukakhala kwina, immigration ndiko kulowa m'dziko la eni kudzakhalamo. Munthu mmodzi yemweyo, pocoka ku Rumphi kunka ku Joni, acita zonse ziwiri pa ulendo umodzi.

5. Mau atatu oyenera wapaulendo. Application ndilo pempho lolembedwa. Compensation ndico cipepeso, ndalama zopatsidwa kwa munthu wopwetekedwa pa nchito kapena wolandidwa munda. Deportation ndiko kupitikitsidwa m'dziko ndi Boma. Amene asaina kalata osazindikira mau otere akhoza kutaya cace ndi dzanja la iye mwini. Cifukwa cace musacite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Zocita mwezi uno. Aphunzitsi alembe pa bolodi mau awa: invitation, preparation, vaccination, declaration, cultivation. Mwana ali yense abise mathero, apeze mau akunena kucita, nalembe tanthauzo m'cinenero ca kwao. Ndipo akafika kumudzi, awerengere makolo ace mau amodzi tsiku ndi tsiku, kufikira atatha onse asanu.