Eyakoni yakale kapena yatsopano: yankho kwa womvera wa ku Matero

Eyakoni yogwiritsidwapo kale ntchito imakopa chifukwa cha mtengo, makamaka mu Okutobala pomwe nyumba zamalata za ku Matero ndi Kanyama zimatentha ngati ng'anjo. Vuto lake limabisala mu kompuresa ndi gasi. Makina ambiri akale amayendera gasi wa R22, yemwe akuthetsedwa padziko lonse, choncho kuwonjezera gasiyu akatuluka kumadula. Wogula ayenera kuumirira kuti makinawo ayatsidwe iye akuona, kwa theka la ola, ndipo amvetsere ngati kompuresa ikugogoda. Mafuta odontha pamapaipi ndi chizindikiro choti gasi akutuluka.

Yatsopano imabwera ndi chitsimikizo cha sitolo, ndipo ya mtundu wa inverter siimeza mayunitsi a magetsi a ZESCO msanga. Chipinda chimodzi chogona chimakwanira ndi ya 9,000 kapena 12,000 BTU.

Komabe magetsi a m'makomboni amazimazima, monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba, ndipo akabwerera mwamphamvu amawotcha makina, akale ndi atsopano omwe. Kachipangizo kotetezera makina ku magetsi amphamvu n'kofunika kugulira limodzi. Wochita lendi ayambe wapempha eninyumba asanaboole khoma poika eyakoni.