Phunziro la Sabata Ino: Kudziwa, Kuchita ndi Nzeru

Mwana angathe kuloweza Malamulo Khumi a Mulungu, kuwatchula osaphonya pamaso pa Bambo Mfumu, n'kulandira Ulimbitso tsiku Lamulungu, koma Lolemba n'kukapezeka ndi likasa m'chipinda cha mayeso. Makolo ndi aphunzitsi a Tilitonse amadabwa nazo. Mwanayo lamulo akulidziwa, nanga bwanji silikumugwira? Funso limeneli adalimbana nalo kwa zaka zambiri mphunzitsi wina wa ku America, dzina lake John Dewey, amene adabadwa mu 1859 n'kumwalira mu 1952. Dewey adakulira m'banja lachikhristu koma atakula adasiya zampingo. Ngakhale zili choncho, zimene adapeza zingathandize Akhristu, bola atazipima ndi nzeru ya m'Malembo Oyera.

Sukulu ya ku Chicago

Mu 1896 Dewey adatsegula sukulu ya ana pa yunivesite ya Chicago kuti ayeserepo maganizo ake. Pasukulupo ana ankaphika, kusoka, kuluka nsalu, kupala matabwa ndi kulima kadimba. Cholinga sichidali kuwasandutsa akalipentala kapena atelala. Dewey ankafuna kuti masamu, sayansi ndi mbiri ziziphukira m'ntchito imene mwana akuigwira ndi manja ake.

M'buku lake la 1899, The School and Society, adasimba za gulu lina la ana amene adapatsidwa thonje kuti alichotse njere ndi zala. Adalimbana nalo kwa mphindi 30, koma thonje loyera limene adapeza silidafike ngakhale magalamu 30. Pamenepo anawo adamvetsa chifukwa chimodzi chimene makolo awo akale ankavalira zovala za ubweya wa nkhosa kuposa za thonje. Mphunzitsi akadangolemba mfundoyi pabolodi, ana akadailoweza n'kuiiwala. Koma zala zawo zitatopa, funso lidakhala lawolawo, ndipo yankho lake lidakhazikika. Mlimi wa thonje wa ku Balaka kapena ku Chikwawa sangavutike kumvetsa zimene anawo adakumana nazo.

Muyeso wa zotsatira

Dewey adali m'gulu la anthu oganiza mozama a ku America amene chiphunzitso chawo chimatchedwa pragmatism. Dzinali lidachokera ku liwu la Chigriki lotanthauza ntchito kapena chochita. Amene adayala maziko ake ndi Charles Sanders Peirce, yemwe mu 1878 adafotokoza kuti tanthauzo la ganizo lililonse limaoneka pa zotsatira zake. Chitsanzo chake chidali chapafupi: munthu akati chinthu ichi n'cholimba, akutanthauza kuti zinthu zina zambiri sizingachikande. William James adawanditsa chiphunzitsochi ndi buku lake la 1907, ndipo Dewey adalowa nacho m'kalasi.

Tsono kwa Dewey, munthu sanganene kuti wadziwa chinthu ngati kudziwako sikusintha kachitidwe kake. Mwana wopisa chala pamoto waphunzira pokhapokha atalumikiza kupisako ndi ululu umene wamva, kotero kuti mawa akaona moto achita mosiyana. Mwana wa likasa uja ali ndi mawu a lamulo m'mutu, koma sadalumikize mawuwo ndi moyo wake.

Nzeru ya m'Malembo ili ndi manja

Pa mfundo imeneyi Malembo Oyera adatsogola kale. Liwu la Chihebri lotanthauza nzeru, hokmah, limagwiritsidwa ntchitonso ponena za luso la mmisiri. Mu Eksodo 31, Bezalele akupatsidwa nzeru yosula golide, siliva ndi mkuwa ndi yosema mitengo. Mu Eksodo 35, amayi amene ankapota ulusi wa chihema cha Mulungu akutchulidwa ndi liwu lomwelo. Buku la Mphunzitsi, limene Ben Sira adalemba ku Yerusalemu zaka pafupifupi 180 Yesu asanabadwe, pamutu 38 limayamikira mlimi, wosula zitsulo ndi woumba mbiya, ponena kuti popanda iwo mzinda sungakhalike, ngakhale kuti limaika patsogolo munthu wosinkhasinkha Malamulo a Mulungu.

Ambuye Yesu adatsiriza ulaliki wa paphiri ndi fanizo la anthu awiri omanga nyumba, pa Mateyo 7:24-27. Onse awiri adamva mawu omwewo. Akadakhala pa mayeso oloweza, onse akadakhoza. Adasiyana pa kuchita, ndipo kusiyanako kudaoneka mvula itagwa ndi mitsinje itadzaza.

Makolo a kuno nawonso ankaphunzitsa motero. Mtsikana ankadziwa kuphika nsima atagwira mthiko pambali pa amayi ake, ndipo mnyamata ankadziwa kuluka nkhokwe atathandiza atsibweni ake kupinda nsungwi. Mwambi unkaperekedwa pa nthawi imene mwana wagundana ndi vuto lake. Woti safunsa adadya phula unkamveka bwino kwa mwana amene waononga chinthu chifukwa chosafunsa.

Pamene muyesowu umaperewera

Vuto limabwera anthu akachepetsa chiphunzitsochi n'kuchisandutsa mawu aja omveka ponseponse akuti bola zatheka. Chiphuphu chimatheka. Bodza limatheka. Kubera mayeso kumathekanso, mwina mpaka munthu kulandira satifiketi. Mu 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa ali m'kati chifukwa mafunso adatuluka nthawi isanakwane, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso kumayambiriro kwa 2021. Zimene zidaoneka ngati zatheka kwa ochepa zidaliritsa mabanja ambiri.

Dewey mwini wake adaliona vutoli. M'buku la 1938, Experience and Education, adadzudzula omutsatira amene ankangolekerera ana kuchita zofuna zawo, ndipo adavomera kuti munthu angathe kukula m'luso la umbava kapena la ndale zachinyengo. Yankho lake lidali lakuti kukula kwabwino ndi kumene kumatsegula njira ya kukula kwina, osati kuitseka. Yankholi lili ndi phindu, koma limasiya funso lalikulu lili chiimire: munthu akukula kulowera kuti?

Apa ndipo mabuku a nzeru amaonjeza zinthu zitatu.

Choyamba ndi nthawi. Mwambi woti mawu a akuluakulu amakoma akagonera umakumbutsa kuti zotsatira zina zimaoneka patapita zaka makumi awiri. Mnyamata sangayese yekha chilichonse, chifukwa zina zimapha woyesayo. Buku la Miyambo lidasunga zimene mibadwo yambiri idaona pa ulesi, kuledzera, chigololo ndi kuperekera mlendo chikole, kuti mwana asalipirenso mtengo umene ena adalipira kale.

Chachiwiri ndi mnansi. Chinthu chingamuyendere bwino wogulitsa pamene wogula akulira. N'chifukwa chake buku lomwelo limabwereza kudzudzula sikelo zachinyengo ndi kupondereza amphawi. Pofunsa ngati chinthu chatheka, nzeru imafunsanso kuti wasenza katundu wake ndani.

Chachitatu ndi Mulungu. Anzake atatu a Yobe ankayesa chilungamo ndi zotsatira zooneka. Kwa iwo, wopeza bwino ndiye wolungama, ndipo wovutika adachimwa basi. Pamutu 42 Mulungu akuwadzudzula kuti sadalankhule zoona. Pa 3 June 1886, Charles Lwanga ndi anzake adatenthedwa pa Namugongo ku Uganda chifukwa chokana kusiya chikhulupiriro chawo. Pa muyeso wa tsiku limenelo adalephera. Ndimo udaonekeranso mtanda pa Lachisanu Loyera. Mkhristu amakhulupirira kuti mtengo umadziwika ndi zipatso zake, koma amadziwanso kuti kukolola komaliza sikuchitika m'moyo uno, ndipo woyesa zipatsozo ndi Mulungu.

Zimene makolo ndi aphunzitsi angatolepo

Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha zamaphunziro cha pa 28 October 1965, udanena kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo. Kulipira fizi ndi kugula yunifolomu sikumaliza udindo umenewu. Mwana amene wamva bambo ake akunamiza wokongoza ndalama kuti palibe pakhomo, waphunzira kale phunziro lamphamvu kuposa la pa Tilitonse. Mwana amene waona mayi ake akubweza chenji chopitirira pagolosale, waphunziranso.

Kuloweza katekisimu n'kofunika, pakuti mawu osungidwa mumtima amadzathandiza pa tsiku la mavuto. Koma phunziro lililonse liyenera kukhala ndi thonje lake, ntchito imene ana angaigwire ndi manja. Ophunzira za ntchito zachifundo apite ndi mphunzitsi wawo kukatungira madzi agogo amene akudwala mu mphakati. Ophunzira za lamulo lachisanu ndi chiwiri apatsidwe ndalama zochepa za gulu kuti azisunge ndi kufotokoza mmene zayendera. Akabwerako akhale pansi ndi kukambirana zimene aona, zimene zawavuta, ndi zimene Mawu a Mulungu akunena pa zimenezo. Kukambiranaku kusadumphidwe, chifukwa ndi pamene ntchito imalumikizana ndi chiphunzitso.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene ana a mu mphakati muno amaphunzira poona akuluakulu, zimene zimatsutsana ndi zomwe amamva kutchalitchi?

2. Kodi kholo lingamuyankhe bwanji mwana amene akuti anzake onse amabera mayeso ndipo zikuwayendera?

3. Kodi ndi ntchito iti imodzi imene ana okonzekera Ukaristia kapena Ulimbitso angaigwire pamodzi ndi akuluakulu a mphakati mwezi uno, ndipo adzawatsogolera ndani?