Kodi kaizen tingaphunzitse bwanji popanda fakitale?

FUNSO

Akonzi, ndimaphunzitsa za kayendetsedwe ka ntchito pa yunivesite ina kuno ku Blantyre, ndipo chaka chino andipatsa phunziro la lean (kuchepetsa kuwononga pa ntchito) ndi kaizen (kukonza ntchito pang'onopang'ono mosalekeza). Ophunzira anga amaloweza mitundu 7 ya kuwononga imene Taiichi Ohno wa ku Toyota anatchula, mayeso n'kukhoza bwinobwino. Koma ndikawauza kuti aloze kuwononga kumodzi kokha pa ntchito yeniyeni, amangoyang'anana. Fakitale ya galimoto yoti ndiwatengereko kuno kulibe. Nditani?

Mphunzitsi, Blantyre

YANKHO

Aphunzitsi, za fakitalezo musade nazo nkhawa. Chimene ana anuwo akusowa ndi maso ozolowera kuona, ndipo masowo sazolowera m'kalasi.

Kumbukirani kuti mabuku anabwera mochedwa. A Toyota anakhala akukonza kagwiridwe kawo ka ntchito kuyambira m'ma 1950, pomwe dzina loti lean analiyambitsa ndi John Krafcik wa ku MIT mu 1988, ndipo buku la Womack, Jones ndi Roos, The Machine That Changed the World, linatuluka mu 1990. Mndandanda umene ophunzira akulowezawo ndi chidule cha zimene Ohno anaona ataima pambali pa makina. Amene anagwira naye ntchito amasimba kuti ankajambula bwalo pansi ndi choko, n'kuimikamo injiniya wachinyamata kwa maola ambiri, mpaka atanena chimene chikulakwika.

Bwalo lanu lili pakhomo pomwepo. Mzere wolembetsa kumayambiriro kwa semesita, kafeteriya nthawi ya nkhomaliro, kubwereka buku ku laibulale. Agaweni m'magulu, gulu lililonse litsatire chinthu chimodzi, tinene fomu imodzi, kuchokera pamene yadzazidwa mpaka pamene mwini wake walandira yankho. Akhale ndi wotchi m'manja. Alembe nthawi imene fomuyo ikugwiridwadi ntchito, ndi nthawi imene yangogona pa tebulo kudikira siginecha. Kawirikawiri yoyambayo imakhala mphindi, yachiwiriyo masiku. Amene wadziwerengera yekha zimenezi safunikanso kuloweza kuti kudikira ndi kuwononga.

Pemphani kaye chilolezo kwa eni ofesi, ndipo apa ndi pamene pamafunika kusamala. Ophunzira akayamba kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu, monga mwa njira ya Toyota, ambiri amathera pa yankho loti mlembi ndi waulesi. Lipoti lotere libwezeni. W. Edwards Deming, amene anaphunzitsa akuluakulu a makampani ku Japan mu 1950, ankalimbikira kuti zolakwika zambiri zimachokera ku dongosolo, osati kwa munthu. Auzeni za fakitale ya ku Fremont, California: General Motors inaitseka mu 1982 ili ndi mbiri yoipa, n'kutsegulidwanso mu 1984 mogwirizana ndi Toyota pa dzina loti NUMMI. Antchito ambiri anali omwewo, koma galimoto zinayamba kutuluka zabwino, poti tsopano wantchito anali ndi mphamvu yokoka chingwe n'kuimitsa mzere akaona vuto. Mlembi uja ndiye amadziwa pamene fomu imakakamira. Ana akapite kukaphunzira kwa iye, asakamuweruze.

Mayeso nawonso asinthe. Gulu lipereke pepala limodzi la A3: vuto, manambala ake, gwero lake, chimene ayesa, ndi chimene chatuluka. Gulu limene layesa chinthu, chakanika, koma lafotokoza bwino chifukwa chake, ine ndingalipatse malikisi ambiri kuposa limene lalemba malangizo okoma osayesedwa. Ndipo poti semesita ndi yaifupi, mapepalawo musawatsekere m'kabati. Kalasi ya chaka chamawa iyambire pamene anzawo analekezera, ione ngati kusinthako kudakalipo.

Mukafuna mlendo wodzalankhula, zipatala zina za boma zakhala zikutsata 5S (njira yosungira malo a ntchito mwadongosolo) ndi kaizen mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA. Namwino amene anakonzapo sitolo ya mankhwala adzawauza zambiri, makamaka za kuvuta kosunga dongosolo chidwi choyamba chikazilala.

Musadabwe gulu lina likasankha kutsatira ulendo wa asainimenti zawo, kuchokera tsiku lopereka mpaka tsiku lolandira malikisi. Aloleni, ndipo muwauze zoona za masiku amene mulu wa mapepalawo umakhala pa tebulo panu.