Mawondo akundisowetsa mtendere

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 62. Mawondo amandipweteka ndikamadzuka pampando komanso potsika chitunda. Chaka chino nchachiwiri ndikumwa Brufen wa pagolosale tsiku lililonse, ndipo amandithandiza ndithu, kungoti nthawi zina pamtima pamatentha. Kodi ulipo jakisoni wochiziratu nyamakaziyi? Mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Jakisoni wochiziratu kulibe, mayi, ndipo amene angakuuzeni kuti ali naye akungofuna ndalama zanu. Chicherewecherewe chokuta nsonga za mafupa m'bondo chikaperepeseka sichibwereranso mwakale.

Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi Brufen yemwe mwamutchula mongodutsayo, pamodzi ndi kutentha kwa pamtimako. Brufen, Indocid ndi Diclofenac ndi amodzi: amayambitsa zilonda za m'mimba, amafoola impso, amakweza BP, ndipo munthu akapitirira zaka 60 chiopsezocho chimakula. Sindiiwala bambo wina wachikulire amene ana ake anabwera naye usiku akusanza magazi. Ankamwa Indocid m'mamawa asanadye kanthu kuti akathe kulima. Titafunsa ngati amamwa mankhwala aliwonse, anawo anati ayi, poti a pagolosale sankawawerengera. Tinachita kumuwonjezera magazi kuti apulumuke. Zimandiwawa kwambiri kuona mapiritsi otere akugulitsidwa ngati maswiti.

Siyani Brufen lero lomwe, ndipo sabata ino mupite kuchipatala akakuyezeni magazi, impso ndi BP. Mukaona chimbudzi chakuda bii, mukasanza magazi kapena mapazi akayamba kutupa, musadikire kuti kuche. Musalolenso munthu kukugulitsani Prednisolone kapena Dexamethasone. Ululu amauletsadi, koma mukamamwa nthawi yaitali amafewetsa mafupa ndi kukweza shuga.

Za mawondowo, yambani ndi Panado ndi Diclofenac wopaka, yemwe salowa kwambiri m'magazi. Musamangokhala pansi poopa ululu, chifukwa minofu ya m'ntchafu ikafooka bondo limavutika koposa. Muziyenda pamalo osatsetsereka tsiku lililonse. Ngati thupi ndi lalikulu, kilogalamu imodzi imene mwatsitsa imapeputsa bondo ndi makilogalamu pafupifupi 4 pa phazi lililonse lomwe mwaponda. Ndodo muzigwira ndi dzanja la mbali ya bondo losapweteka kwambiri.

Bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi lonse n'kumatenthanso, musati ndi nyamakazi ya ukalamba ija. Mwina mwalowa tizilombo, ndipo mufike kuchipatala tsiku lomwelo.