Kusankha Lenzi Yojambulira Nyenyezi Usiku

Mjambuli wa ku Kawale kapena ku Biwi mu Lilongwe, amene adagula kamera kuti azidyerapo pa maukwati ndi zinkhoswe, akakweza maso ake usiku wa m'mwezi wa Juni magetsi atazima dera lonse, naona Mlalang'amba utadutsa thambo lonse ndi nyenyezi zake zosawerengeka, sachedwa kukhumba kuti chimene maso ake aona kamera nayonso ichione. Ndipo pakuti wamva kuti ntchito yotere ifuna lenzi yotakata ndi yotseguka kwambiri, amayamba kufunsa mitengo asanadziwe chimene chikumuperewera. Tsono choyamba kuchita si kugula ayi, koma kuyesa lenzi ija idabwera ndi kamera, ya 18-55mm. Ikani kamera pa thiraipodi, bwezani lenzi pa 18mm, tsegulani chibowo chake kufikira f/3.5, ikani ISO pa 3200, ndipo lolani shata ikhale yotsegula masekondi 15. Chithunzi chimene mupeze sichidzakhala chopachika pakhoma, komabe chidzakuuzani chimene mukusowa, kaya ndi kutakata, kaya ndi kuwala, ndipo ndalama zanu zidzapita kumene kuli vutolo.

Mukatero, dziwani kamera yanu pa zinthu ziwiri. China ndi pakamwa pamene lenzi imalowera, pakuti ya Canon EF silowa pa Nikon F, ya Sony E silowa pa ziwirizi, ndipo ngakhale m'nyumba imodzi ya Canon, lenzi yolembedwa EF-S imakana kukhala pa 6D kapena 5D. China ndi kukula kwa sensa. Makamera ambiri amene ali m'manja mwa anyamata a m'makwalala athu, monga Canon 600D, 700D ndi 2000D, Nikon D3200 ndi D5300, kapena Sony a6000, ali ndi sensa yaing'ono yotchedwa APS-C, imene imadula m'mbali mwa chithunzi. Motero nambala yolembedwa pa lenzi muichulukitse ndi 1.6 ngati kamera ndi ya Canon, kapena ndi 1.5 ngati ndi ya Nikon kapena Sony, kuti mudziwe kutakata kwake kwenikweni. Lenzi ya 18mm pa Canon 700D imaona monga momwe ya 29mm ionera pa kamera ya sensa yaikulu.

Apa ndi pamene ndifuna tikhalitsepo, chifukwa malangizo ambiri amene amawerengedwa pa intaneti adalembedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku North America, amene thambo lawo silifanana ndi lathu. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kum'mwera kwa ikweta, ndipo pakati pa Mlalang'amba, pamene pali powala ndi pokhuthala koposa, pafupi ndi magulu a nyenyezi otchedwa Sagittarius ndi Scorpius, pamakwera kufikira madigiri ngati 75 kuchokera pamene thambo likumana ndi nthaka, ndiko kuti pafupifupi pa liwombo penipeni. Munthu wa ku London malo omwewo amawaona atangosuzumira madigiri osafika 10, kotero kuti iye lenzi ya 24mm kapena 35mm imamukwanira kutenga phiri, nyumba ndi Mlalang'amba m'chithunzi chimodzi. Kwa ife si tero. Mukafuna kuti mtengo wa mango wa pakhomo, denga la tchalitchi kapena Phiri la Bunda zionekere pansi, pamene pakati pa Mlalang'amba pali pamwamba, lenzi yanu iyenera kutambasuka madigiri oposa 80. Ndipo mukaimiritsa kamera chotalika, lenzi ya 14mm pa sensa yaikulu imatenga madigiri 104, ya 20mm imatenga 84, ya 24mm imalekeza pa 74, pamene ija ya 18mm pa Canon yaing'ono imalekeza pa 64. Chifukwa cha ichi, uphungu wanga ndi wakuti wokhala kuno ayambe waganizira za kutakata asanatengeke ndi china chilichonse: pa sensa yaikulu afune pakati pa 14mm ndi 20mm, pa yaing'ono pakati pa 10mm ndi 13mm.

Alipo amene anganene kuti lenzi yosatakata kwambiri nayonso ili ndi nyengo yake, ndipo akunena zoona. M'mwezi wa Epulo ndi wa Meyi, mvula itangotsuka mlengalenga, pakati pa Mlalang'amba pamatuluka kum'mawa chakum'mwera usiku usanakule, ndipo pa maola oyambawo pamakhala pansi pokwanira 24mm. Koma pofika pakati pa Juni pamafika pamutu pakati pa usiku, kumapeto kwa Ogasiti pamakhala pali kale pamwamba kukangoda, ndipo pamene pakupendekera kumadzulo mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa tchire ndi fumbi la chilimwe zimakhala zitaphimba m'munsi mwa thambo. Miyezi yabwino koposa ndi yomwenso Mlalang'amba uli pamwamba koposa.

Tsopano za chibowo cholowetsa kuwala, chimene kukula kwake kumalembedwa ndi chilembo f. Nambala ikachepa ndiye kuti chibowo chakula: f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa f/4, f/2 imawirikiza kawiri kuposa f/2.8, ndipo f/1.4 imawirikizanso kawiri kuposa f/2. Chimene ogulitsa sakonda kutchula ndi chakuti kuchoka pa f/3.5 ya lenzi yanu yakale kupita pa f/2.8 mumangowonjezera kuwala pang'ono kuposa theka, pamene kupita pa f/2 mumawirikiza katatu. Lenzi yotakata imene imayambira f/4 kapena f/4.5, monga Canon EF-S 10-18mm, ndi yabwino masana pojambula nyumba ndi misonkhano, koma usiku idzakukakamizani kukweza ISO kufikira chithunzi chitadzala timchengamchenga. Malire ake akhale f/2.8, ikapezeka ya f/2 kapena f/1.8, thokozani.

Wina angafunse kuti bwanji osangosiya shata yotsegula mphindi ziwiri kapena zitatu kuti kuwala kudzikundikira kokha. Yankho ndi lakuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo nyenyezi zimene maso athu amaziona zitaima kamera imaziona zikuyenda, nizisandutsa timizere. Ajambuli ali ndi lamulo lakale lakuti ugawe 500 ndi kutakata kwenikweni kwa lenzi, ndipo chotsatira chake ndiwo masekondi amene sungapitirire: 14mm pa sensa yaikulu ipatsa masekondi 35, pamene 18mm pa Canon yaing'ono ipatsa 17. Lamulo limeneli lidachokera m'masiku a filimu, ndipo pa makamera a lero ndi bwino kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Taonani tsono kuti lenzi yotakata imakupatsani mphatso ziwiri pamodzi, thambo lalikulu ndi nthawi yaitali. Ndipo ija ya 50mm f/1.8, imene ajambuli a maukwati amainyadira moyenera, ingakhale imalowetsa kuwala kochuluka, pa sensa yaing'ono imalola masekondi 6 okha ndi kachigawo kakang'ono ka thambo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lenzi ikhoza kukhala yotakata, yotseguka kufikira f/1.4, ya dzina lomveka ndi mtengo woopsa, nikhalabe yosayenera nyenyezi, chifukwa cha chilema chimene masana sichioneka konse, chotchedwa coma. Pakati pa chithunzi nyenyezi zimakhala timadontho toyera bwino, koma mukayang'ana m'makona mumapeza kuti zamera mapiko ngati ngumbi. Mdima wa m'makona ukhoza kukonzedwa pa kompyuta, kupindika kwa mizere nakonso kumakonzeka, ngakhale kamtundu kofiirira kozungulira nyenyezi zowala kamachepetsedwa. Koma mapiko amenewa palibe pulogalamu imene imawachotsa bwinobwino. Mankhwala ake ndi kutseka chibowo pang'ono, ndipo malenzi ambiri a f/1.4 sayera m'makona kufikira atatsekedwa pa f/2 kapena f/2.8, kotero munthu amene adalipira ndalama zambiri ndi kunyamula galasi lolemera chifukwa cha f/1.4 amapezeka akujambula pa nambala yomweyo imene mnzake wa lenzi yotsika mtengo akujambulirapo.

Chifukwa chake musagule lenzi imene simunaiyese mumdima, ndipo wogulitsa wokana kuti muiyese mumutsanzike mwaulemu. Kuyesaku sikufuna ulendo. Wa ku Mgona kapena ku Area 25 ali ndi magetsi a mafakitale a ku Kanengo, ndipo aliyense ali ndi kanyali kofiira ka pa nsanja ya mafoni kapena babu la pakhonde la nyumba yakutali. Ikani kamera pa thiraipodi, tsegulani chibowo chonse, zimitsani fokasi yodziyendera yokha, ndipo pa sikirini kulitsani kanyaliko kakhumi, mukupotoza mphete ya fokasi pang'onopang'ono kufikira kadontho katachepetsetsa. Musakhulupirire chizindikiro cha kutali kopanda malire cholembedwa pa lenzi, pakuti kawirikawiri chimaphonya. Jambulani kanyaliko kali pakati, kenaka tembenuzani kamera kuti kakhale pa kona iliyonse mwa makona anayi, osakhudzanso fokasi. Bwerezani zonsezi pa f/2 ndi pa f/2.8, ndipo zithunzizo mukaziyang'ane pa kompyuta zitakulitsidwa, osati pa kasikirini ka kamera kamene kamakometsa zonse. Makona onse anayi akaipa mofanana, ndiwo mapangidwe a lenziyo, ndipo mudziwa pamene muyenera kutsekera; koma mbali imodzi ikayera pamene inayo yachita chimbuuzi, ndiye kuti magalasi a m'kati adasuntha, mwina lenziyo idagwapo, ndipo imeneyo ibwezeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za maina ndinena mwachidule. Wa kamera ya Canon kapena Nikon ya sensa yaing'ono ayang'ane Tokina 11-16mm f/2.8 kapena mng'ono wake 11-20mm f/2.8; mtundu woyamba wa 11-16mm wa Nikon ulibe mota ya fokasi, moti pa D3200 fokasi ndi ya pamanja, chinthu chimene usiku sichidandaulitsa ndipo chingakuthandizeni kunenerera mtengo. Wa Sony a6000 ali ndi Samyang 12mm f/2, yopepuka ndi yosadula, kapena Sigma 16mm f/1.4, yowala koposa koma yosatakata chimodzimodzi. Wa sensa yaikulu ali ndi Samyang 14mm f/2.8, imene ku America imagulitsidwa ndi dzina la Rokinon, ndipo ndi yodziwika kuti makona ake ndi oyera kuposa mtengo wake, ngakhale kuti iliyonse iyenera kuyesedwa payokha. Palinso Nikon 20mm f/1.8G, ndi Sigma 14mm f/1.8 imene kulemera kwake kumapitirira kilogalamu. Mitundu yoyamba ya malenzi a Samyang amenewa ilibe fokasi yodziyendera, ndipo n'chifukwa chake ndi yotsika mtengo. Chida choletsa kugwedera, cholembedwa IS kapena VR, nachonso musachilipirire, pakuti pa thiraipodi chimazimitsidwa. Amene akufuna lenzi imodzi yoti Loweruka igwire ukwati ndipo usiku igwire nyenyezi angaganizire Sigma 18-35mm f/1.8, podziwa kuti pa kutakata wagonjapo.

Malenzi otere sapezeka kawirikawiri m'masitolo a ku Old Town, ndipo ambiri amachita kuitanitsa kwa achibale a ku Joni kapena kugula kwa mjambuli mnzawo. Mukatuma munthu, mulembereni dzina lonse la lenzi pamodzi ndi mtundu wa pakamwa pake, muwerengeretu za msonkho wa pachipata, ndipo mupemphe lisiti. Mukagula yogwiritsidwapo kale ntchito, chotsani zivindikiro zonse ziwiri, walitsani tochi ya foni kuchokera kumbuyo, ndipo yang'anani m'kati mopendeketsa. Tifumbi tochepa tilibe kanthu. Koma mukaona timizu toyera totambalala pa galasi, chimenecho ndi chuku chobwera ndi chinyezi cha dzinja, chimene chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi, ndipo musachilowetse m'chikwama chanu.

Lenzi ikafika, sankhani usiku umene mwezi uli kumdima, ndipo kumbukirani kumene mwaima. Wa ku Area 25 ndi ku Mgona akayang'ana kum'mwera, kumene kuli Mtanda wa Kum'mwera ndi nyenyezi ziwiri zowala zoulozera, amayang'ana kudzera m'kuwala kwa mzinda wonse; wa ku Chinsapo mzinda amausiya kumbuyo, ndipo akatsata njira ya ku Likuni kulowera ku Malingunde kapena ku nkhalango ya Dzalanyama amapeza mdima weniweni; wa ku Area 23, Kawale ndi Biwi ali ndi njira ya ku Bunda ndi ya ku Nkhoma. Kumudzi kwa eni musafike usiku ngati mbala. Pitani dzuwa likadalipo, kaonekereni kwa amfumu, fotokozani chimene mwadzera, onetsani zithunzi, pemphani munthu wokuperekezani, ndipo kumanda ndi kudambwe musayandikireko. Mlendo woimika chida chachilendo m'munda pakati pa usiku amautsa mantha, ndipo m'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidatayitsa miyoyo ya anthu m'maboma a kum'mwera.

Usiku wa Juni ndi Julayi umazizira, ndipo mame amagwa pa galasi lakutsogolo mwakachetechete, makamaka pa malenzi a galasi lotukuka monga Samyang 14mm, kufikira nyenyezi zonse zitazimirira mjambuli asanadziwe chifukwa chake. Chotsani fyuluta iliyonse ya pamaso pa lenzi, siyani chipewa chake chili pomwepo, ndipo pakapita kanthawi unikani galasilo ndi tochi; mukaona chinyezi, pukutani ndi kansalu kake kofewa, osati ndi malaya. Mukabwerera kunyumba musaitsekere m'chikwama ili yonyowa: iumitseni pamalo opita mphepo, kenaka muisunge m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, ndipo kuyambira Disembala kufikira Malichi muziitulutsa kamodzikamodzi kuti ione kuwala kwa dzuwa.