Phazi la agogo likatupa, afunseninso za mumtima

Ululu wake umakonda kubwera usiku. Chala chachikulu chakuphazi chimatupa, chimatentha, khungu limachita kunyezimira, moti ngakhale chofunda chikangokhudza, munthu amabuula. M'mudzi ena amati waponda mankhwala, ena amati ndi ukalamba basi. Kuchipatala nyamakazi yotereyi amaitcha gout, ndipo gwero lake ndi uric acid, zinyalala zimene zimatsala thupi likamaphwanya maselo akale ndi zakudya zina. Impso ndi zimene zimataya zambiri mwa zinyalalazi kudzera mumkodzo. Zikafooka, monga zimachitira munthu akamakula, uric acid amachuluka m'magazi, ndipo akapitirira 6.8 mg/dL amatha kuundana kukhala timibulu tosongoka molumikizana mafupa. Chitetezo cha m'thupi chimathamangira kukalimbana nato, phazi n'kutupa.

Chimene mabanja ambiri sachidziwa n'chakuti nkhondoyi sithera paphazi. Zimene chitetezo chimatulutsa polimbana ndi matenda zimayenda ndi magazi, uthenga wake n'kukafika mpaka ku ubongo. Yemwe anadwalapo malungo akudziwa mmene zimakhalira: nsima siilowa, tulo n'tosokonekera, ngakhale kucheza safuna. Kutupa kukakhala kwa miyezi kapena zaka, kufooka kwa mtima kotereku kumatha kukhazikika. Mu 2019 akatswiri a ku Britain ataunika pamodzi kafukufuku wambiri anapeza kuti pafupifupi munthu 1 mwa anthu 4 alionse odwala matenda ovutika maganizo ali ndi kutupa kwapansipansi m'thupi, kumene kumaoneka poyeza chizindikiro cha kutupa chotchedwa CRP m'magazi.

Komatu uric acid payekha sanena kuti munthu akuvutika maganizo. Pamlingo woyenera amathandiza kuteteza maselo, ndipo kafukufuku wina anapeza kuti ena ovutika maganizo amakhala naye wochepa. Chooneka bwino n'chakuti odwala gout amavutika maganizo kawirikawiri kuposa anzawo.

Chifukwa china chili poyera. Mkulu amene ankalawirira kudimba, kutsogolera mwambo pamaliro, kusewera bawo pansi pa mtengo madzulo, tsopano amangokhala pakhonde phazi atalisanjika pampando. Kutchalitchi kapena kumzikiti safikako. Ana ali kutauni kapena ku Joni. Amayamba kudziona ngati mtolo, chakudya amangochilawa, amadzuka pakati pa usiku n'kumangoganiza, amakwiya msanga, ena amaiwalaiwala. Apabanja amati "agogo angosintha", ndipo pena mkulu wodwalayo amayamba kunenedwa za ufiti, zomwe ndi nkhanza zenizeni. Mu 2023 bungwe la WHO linati anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo ali ndi vuto lina la m'maganizo. Zizindikiro zija zikapitirira masabata awiri, amenewo angakhale matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika.

Popita kuchipatala, woperekeza atenge buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene agogo akumwa. HCT, mankhwala odziwika a BP, amakweza uric acid. Pyrazinamide wa TB nayenso amatero. Mankhwalawa asasiyidwe popanda kufunsa, dokotala ndiye angasinthe. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chogula Brufen kapena Indocid paokala n'kumamwa tsiku ndi tsiku: ululu umazizira, koma impso zokalamba kale zimaonongeka, m'mimba mumatha kuchita zilonda, BP n'kukwera. Kwa amene gout imawabwerabwera pali allopurinol, amene amatsitsa uric acid kufika pansi pa 6 mg/dL. Ameneyu sapha ululu nthawi yomweyo, amamwedwa tsiku lililonse ngakhale phazi litapola.

Pakhomo, mowa ndiwo woyamba kuuchepetsa, kaya ndi masese, kachasu kapena wam'botolo, chifukwa umakweza uric acid komanso umakulitsa kukhumudwa. Zamkati monga chiwindi ndi impso zichepe, chimodzimodzi zakumwa zotsekemera kwambiri. Nyemba, nandolo ndi masamba asaletsedwe. Mkaka umathandiza, ndipo madzi akumwa akhale pafupi tsiku lonse.

Dokotala akafunsa vuto, woperekeza asangoloza phazi. Anenenso za tulo, za kudya, za kungokhala chete kuja. Mankhwala a matenda a maganizo alipo, koma kuyankhulana nakonso ndi chithandizo. Ku Mbare mu Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kumvetsera anthu oganiza kwambiri, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti ambiri ankapeza bwino. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera angalozere banja kumene uphungu ukupezeka pafupi.

Mkulu akayamba kunena kuti "bola kufa" kapena "ndatopa nawo moyo", asasiyidwe yekha. Mankhwala ophera tizilombo a m'munda ndi a makoswe abisidwe, ndipo achibale apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.